Mwana wa Zisudzo Aime Yekha, Ndipo Auzidwe Zoona

M'masukulu akuluakulu ophunzitsa zisudzo, kaya ndi ku London, ku Moscow, ku New York kapena ku Johannesburg, muli mwambo wina umene ophunzira amauopa koposa mayeso olemba, chinkana mwambowo suposa mphindi ziwiri kapena zitatu kutalika kwake. Wophunzira amamva dzina lake likuitanidwa, nanyamuka pakati pa anzake, nakaima m'kati mwa chipinda chopanda makatani, chopanda magetsi amitundumitundu, chopanda ngakhale chovala chimodzi cha m'sewero. Ndipo pamenepo, popanda mnzake womuyankha kapena womunong'oneza mawu akaiwala, amalankhula chigawo cha sewero chimene mlembi anachilembera munthu mmodzi yekha, monga mfumu yolira ufumu wake wotayika, mkazi wotsanzika mwamuna wake, kapena wakupha mnzake wolimbana ndi chikumbumtima pakati pa usiku. Akamaliza saomberedwa m'manja. Amakhala pansi thukuta lili kamukamu, namvetsera zimene mphunzitsi ndi anzake aona mwa iye.

Sukulu ya Royal Academy of Dramatic Art ya ku London, imene anaikhazikitsa Herbert Beerbohm Tree m'chaka cha 1904, imalandira makalata a anthu zikwi ofuna malo chaka ndi chaka, koma pa maphunziro ake a zaka zitatu a ochita zisudzo imatengapo anthu osapitirira 30. Ndipo khomo loyamba limene onsewo ayenera kudzerapo ndi lomweli: chigawo chimodzi chochokera m'masewero akale a nthawi ya William Shakespeare, china chochokera m'masewero a makono, munthu ali yekhayekha. Akuluakulu a sukulu zotere amachita izi podziwa kuti pa gulu munthu amabisala. M'sewero la anthu khumi wofooka amanyamulidwa ndi amphamvu, wosamva tanthauzo la mawu ake amaphimbidwa ndi ng'oma ndi nyimbo, ndipo woiwala amapulumutsidwa ndi mnzake wochenjera. Koma woima yekha alibe kothawira, pakuti kapumidwe kake, maso ake, manja ake osowa pokhala, ngakhale kabodza kakang'ono kobisala m'mawu ake, zonsezo zimaonekera poyera.

Ndalemba izi chifukwa ndikhulupirira kuti pamene tidandaula za zisudzo za kuno kwathu, ndi kutchula kusowa kwa ndalama, kusowa kwa maholo ndi kuchepa kwa anthu olipira pakhomo, zimene zili zoona ndithu, timaiwala kusowa kwina kumene sikulira khobidi ngakhale limodzi kuti kuthe, ndiko kusowa kwa mphindi zija zoima wekha, pamodzi ndi mawu oona amene ayenera kutsata pambuyo pake.

Luso lokha Mulungu sanatimane. Amene anaonako Du Chisiza Jr ali pa nsanja ndi gulu lake la Wakhumbata, kapena mayi Gertrude Kamkwatira akutsogolera gulu la Wanna Do, kapena amene anasekapo mpaka kugwira nthiti poonera John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja a gulu la Kwathu, sangatsutse zimenezi. Onsewa anatisiya, woyamba mu 1999, wotsiriza mu 2021, ndipo funso lotsalira ife amoyo ndi la amene akuumba olowa m'malo mwawo. Mbiri ya Chisiza ili ndi kanthu kena kamene sitikatchula kawirikawiri. Mu 1982, akali mwana wa sukulu pa HHI mu mzinda wa Blantyre, sewero lake la The Deceased's Attack linapambana mpikisano wa zisudzo wa masukulu a dziko lonse. Ndipo mnyamata wina aliyense akadaona chikho chija ngati umboni wakuti wadziwa zonse, koma iye anaoloka nyanja kukakhala pansi pa aphunzitsi ku Philadelphia, m'dziko la America, nabwerako kudzayambitsa Wakhumbata mu 1987. Anali atatamandidwa kale, nakafunafunabe omudzudzula.

Nzoona kuti ku Zomba, pa sukulu ya ukachenjede imene tinaizolowera ndi dzina lakuti Chancellor College, zisudzo zimaphunzitsidwa mwadongosolo, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 gulu la Travelling Theatre linanyamula masewero kupita nawo m'maboma ndi m'midzi, motsogozedwa ndi anthu onga Chris Kamlongera ndi David Kerr. Komatu olowa pa chipata chimenecho ndi owerengeka. Unyinji wa amene timawaona pa nsanja ndi pa kanema anakulira m'makalabu a zisudzo a ku sekondale, m'magulu a achinyamata a kumpingo, ndi m'magulu olembedwa ganyu ndi mabungwe kuti akafalitse uthenga wa zaumoyo pa misika. Ndipo m'malo onsewa mphunzitsi wamkulu, nthawi zina mphunzitsi yekhayo, ndi khamu la oonerera.

Tsono khamu ndi mphunzitsi wokoma mtima koma wosocheretsa, chifukwa lili ndi mawu awiri okha, kuseka ndi kukhala chete, ndipo wachinyamata amaopa kwachiwiriko kotero kuti amagulitsa chilichonse kuti agule koyambako. Mnyamata akatsimphina dala, natuzula maso, nakokomeza kalankhulidwe ka anthu a mtundu wina, holo yonse imafa nako kuseka. Mawa adzachita zomwezo mowirikiza, mkuja moposerapo, ndipo pakatha zaka zisanu mudzapeza kuti palibe china chimene akudziwa. Ndimo mmene tadzazira nsanja zathu ndi anthu amene sitikumana nawo m'mudzi uliwonse: nkhalamba yothiridwa ufa m'mutu, yowerama mpaka chibwano kugunda mawondo, yonjenjemera ndi ndodo yake yomwe, chidakwa chodzandira kuchokera ngodya ina kufika ngodya ina, mlonda wopusa, sing'anga wobangula, mkazi wamasiye wodzigwetsa pansi misozi isanafike n'komwe m'maso. Kodi ndani mwa ife ali ndi agogo ake oyenda chotero? Chidakwa chenicheni, monga adziwira aliyense amene anachionetsetsa, chimayesetsa ndi mphamvu zake zonse kuyenda mowongoka kuti anthu asadziwe, ndipo kuyesetsa kumeneko ndiye kumene kumasekesa ndi kumvetsa chisoni nthawi imodzi. Khamu silingamuuze mwana zimenezi. Angamuuze ndi munthu mmodzi wa maso akuthwa, wokhala naye pafupi m'chipinda chachete.

Matendawa si athu okha, ndipo amene anawalongosola bwino koposa ndi Konstantin Stanislavski wa ku Russia, amene pamodzi ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko anakhazikitsa Moscow Art Theatre mu 1898. Buku lake limene linatuluka m'Chingerezi mu 1936 ndi dzina lakuti An Actor Prepares analilemba ngati nkhani ya wophunzira wotchedwa Kostya ndi mphunzitsi wake Tortsov, ndipo limayamba ndi tsiku longa lomwe tikunenali, pamene ophunzira atsopano auzidwa kuti aliyense aonetse kachigawo ka sewero. Kostya asankha kukhala Othello, kazembe wankhondo wakhungu lakuda wa m'sewero la Shakespeare. Ndipo poti sanamudziwe munthuyo, adzipaka nkhope, nayamba kuzungulira m'chipinda chake monyang'ama ngati chilombo, akutuzula maso ndi kuonetsa mano, poganiza kuti munthu wakuda amatero. Pobwera pa kudzudzula, mphunzitsi samunyoza, koma amusonyeza kamphindi kamodzi kamene mtima wake unalankhuladi, namuuza kuti zotsalazo zinali zongotola m'maganizo a anthu wamba za mmene munthu wotere amakhalira. Ife amene tikanapsa mtima poona Mzungu akutisewera chotero, tiyenera kudzifunsa ngati sitichita chimodzimodzi pamene tisewera nkhalamba zathu, alongo athu a kumudzi, ndi abale athu a ku Nsanje kapena ku Mangochi.

M'buku lomwelo muli phunziro lina limene ndikadakonda mphunzitsi aliyense wa kalabu ya zisudzo atalidziwa. Mtsikana wotchedwa Maria auzidwa kuti ayerekeze kuti mnzake wamusiyira chokometsera chamtengo wapatali chobaya pa malaya, chakuti akachigulitsa alipira sukulu, ndipo chabayidwa penapake pa katani; ntchito yake ndi kuchipeza. Mtsikanayo athamangira uku ndi uku, agwira mutu, adziguguda pachifuwa, aonetsa nkhawa yoopsa, natsika pa nsanja ali wokondwa kuti wachita bwino. Koma mphunzitsi amufunsa kumene kuli chinthu chija, ndipo apeza kuti anaiwaliratu kuchifuna. Pamenepo amuuza kuti akapanda kuchipeza achotsedwadi sukulu. Taonani tsono kusintha kwake: phokoso lonse litha, mtsikana ayamba kufufuza khwinya lililonse la nsalu mwakachetechete, maso ali pa ntchito, ndipo onse oonerera agwidwa mtima. Funso limodzi lalifupi, lofunsidwa pa nthawi yake, linachita zimene kuomba m'manja kwa chaka chathunthu sikukadachita.

Wina adzati zonsezi ndi za Azungu, ndi kuti ife zisudzo zathu ndi za gulu, za ng'oma, za kuvina ndi kuthirirana mang'ombe. Ndimuyankha mwaulemu kuti aiwala kwawo. Agogo oyamba nthano madzulo ndi mawu akuti padangotero amakhala okha, alibe chovala cha kalulu kapena cha fisi, koma ndi mawu ndi nkhope basi amasandutsa bwalo kukhala nkhalango. Ndipo kuyankha kwa ana kwakuti tili tonse kukayamba kuzilala, wokambayo amadziwa pomwepo kuti nthano yake yafooka. Nkhoswe yoima pa bwalo la milandu kufotokoza mbali ya mbale wake, kapena mkulu woimirira pa maliro kulankhula m'malo mwa banja, amadziwa poyambira, popumira, potsitsa mawu ndi pokhalira chete. Ndipo akalakwitsa, akuluakulu anzake amamutengera pambali mwambo ukatha, namuuza kuti apa munafulumira, apa munatchula zosayenera kutchulidwa pa anthu. Luso la kuima wekha ndi mwambo wa kulangizidwa pambuyo pake, zonse ziwiri ndi cholowa chathu. Ngakhale m'zisudzo za makono za mu Africa muno, limodzi mwa masewero otchuka koposa, Sizwe Banzi Is Dead, limene Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona analipanga mu 1972, limayamba ndi munthu mmodzi, wojambula zithunzi wotchedwa Styles, akuwerenga nyuzipepala ndi kusimba yekha kwa nthawi yaitali za masiku amene ankagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto a Ford ku Port Elizabeth. Ndipo Kani, amene ankanyamula chigawo chimenecho, analandira mphoto ya Tony ku New York mu 1975 pamodzi ndi Ntshona. Kani yemweyo pambuyo pake anathandizana ndi Barney Simon kutsegula sukulu ya Market Theatre Laboratory ku Johannesburg, kuti ana a m'makomboni osatha kulipira sukulu za ukachenjede apeze powongoledwa.

Nanga n'chifukwa ninji ife, eni mwambi wakuti wakutsina khutu ndi mnansi, timachita mphwayi kutsina khutu la mwana wa zisudzo? Chifukwa choyamba ndi ulemu wathu womwe, umene uli chuma chamtengo wapatali pa maliro ndi pa ukwati, koma m'chipinda chophunzirira umasanduka kushashalika. M'mipikisano yambiri ya masukulu imene ndakhalapo pansi n'kuonerera, wamkulu wa oweruza amaimirira dzuwa litapendeka, nayamika masukulu onse kuti ayesetsa, natchula mwachidule kuti ena sankamveka mawu ndipo ena ankafulatira anthu, kenaka nawerenga mapointi. Opambana anyamula chikho akuimba, ogonja akwera lole akunena kuti majaji anakondera, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene wapita kwawo akudziwa chinthu chimodzi chakuti akachikonze mwa iye yekha. Mayi woumba mbiya akaiphula pamoto amaigogoda ndi chala kuti amve ngati ili ndi mng'alu, pakuti adziwa kuti mng'alu umene iye aubisa lero udzaululidwa ndi madzi pamutu pa wogula. Momwemonso mwana amene tamuuza kuti wachita bwino pamene sanachite bwino adzamva zoona tsiku lina kuchokera kwa alendo, pa nthawi imene msana wake wauma kale.

Chifukwa chachiwiri chili m'mbiri yathu, ndipo ndichitchula mosamala. Kuyambira pa lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa anthu, sewero lililonse linkayenera kuonedwa ndi bungwe la boma lisanafike pa nsanja, ndipo mpaka chisankho cha 1994 munthu amene ankawerenga sewero la Mmalawi mosamalitsa koposa onse, mzere ndi mzere, cholembera chili m'manja, anali wofuna kupeza choletsa. Mbadwo wathunthu wa alembi ndi ochita zisudzo unaphunzira kuti woyang'anitsitsa ntchito yako ndi mdani, ndipo unaphunziranso kubisa tanthauzo m'mafanizo ndi m'nthabwala, luso limene linapulumutsa ambiri. Masiku amenewo anapita, koma mantha ake akadali m'mafupa. Kotero kuti lero mtolankhani akalemba kuti sewero lakuti linali lalitali mopitirira muyeso, eni sewero amafunsa kuti wamutuma ndani, ndipo mnzako wa m'gulu akakuuza kuti unakuwa mosafunikira, mawu oyamba kufika m'mutu ndi akuti nsanje.

Koma pano ndiyenera kuima pang'ono, kuopa kuti wina angatenge mawu angawa ngati chilolezo chozunzira ana. Wopala matabwa ukamuuza kuti mpando wake wapendama, mpandowo uli apo, iye ali apa. Koma wochita zisudzo chipangizo chake ndi thupi lake lomwe, mawu ake omwe, misozi yake yomwe, kotero kuti mpeni wolunjika pa ntchito suchedwa kulasa mwini ntchito. Kumaiko akunja kunali aphunzitsi otchuka amene ankakhulupirira kuti wophunzira ayambe waphwanyidwa kuti amangidwenso, ndipo ambiri anaphwanyikadi osamangidwanso. Ngakhale sukulu ya ku London ija ndinaitchula poyamba inavomera poyera mu 2020, ophunzira ake akuda atadandaula, kuti tsankho linali lokhazikika m'kachitidwe kake. Mphunzitsi wouza mtsikana pamaso pa anzake kuti nkhope yake si ya pa nsanja, kapena woseka kalankhulidwe ka kwawo kwa mnyamata, kapena wokakamiza mwana wamasiye kukumbukira maliro a mayi ake kuti alire bwino, ameneyo sakuphunzitsa, akungoonetsa mphamvu zake. Ndipo m'magulu athu, mmene mtsogoleri mmodzi ndiye mlembi, ndiye wogawa malo m'sewero, ndiyenso wosunga thumba, mphamvu zoterozo zimafika poipa msanga, makamaka kwa atsikana.

Tsono njira ilipo, ndipo ena anaiyenda kale. Ku Actors Studio ya ku New York, imene inatsegulidwa mu 1947 ndipo Lee Strasberg anaitsogolera zaka zambiri, munthu akamaliza kuonetsa chigawo chake, woyamba kulankhula ankakhala iye mwini, kufotokoza chimene amafuna kukwaniritsa. Ndipo anzake ankayenera kunena ngati chimenecho chaoneka kapena ayi, osati kusimba mmene iwo akadachitira. Mayi wina wa ku America wophunzitsa magule, Liz Lerman, cha m'ma 1990 anakonza dongosolo limene masukulu ambiri akulitsata lero: oonerera amayamba ndi kutchula chimene chawakhudza, kenaka mwini ntchito ndiye amafunsa mafunso ake, pambuyo pake oonerera amafunsa mafunso osabisa chiweruzo m'kati mwake, ndipo maganizo awo enieni amabwera potsiriza, atapempha kaye chilolezo kwa mwini ntchito. Ena adzaona ngati kumeneku ndi kunyengerera, koma ine ndiona nzeru yakale ya mneneri Natani, amene atatumidwa kukadzudzula mfumu Davide sanayambe ndi kuloza chala, koma anasimba za munthu wosauka ndi kamwana kake ka nkhosa kamodzi, mpaka mfumu inagamula mlandu ndi pakamwa pake isanadziwe kuti mlanduwo ndi wake. Chidzudzulo chimene munthu wachipeza yekha, motsogozedwa ndi funso labwino, chimakhazikika kuposa chimene wachita kuponyeredwa.

Mphunzitsi wanzeru sanena kuti sizinandigwire mtima, chifukwa mawu otero mwana sangapite nawo kulikonse. Amafunsa kuti, mwanawe, mawu amenewa ukumuuza ndani, ndipo waima pati munthuyo? Ukufuna akuchitire chiyani ukamaliza kulankhula? Chachitika n'chiyani kamphindi kapitako kuti utsegule pakamwa? Pakuti chinsinsi cha chigawo cha munthu mmodzi n'chakuti munthuyo sakhala yekha konse: akulankhula ndi mwamuna amene wamusiya, ndi Mulungu, ndi mzimu wa atate ake, kapena ndi mtima wake womwe umene wagawanika pawiri, ndipo wophunzira akangomuona womveredwayo, manja aja osowa pokhala amapeza pokhala, kukuwa kuja kumatsika kokha. Mphunzitsi asankhe chinthu chimodzi kapena ziwiri, asakhuthule dengu lonse la zolakwa pamutu pa mwana tsiku limodzi. Ndipo chachikulu koposa, amuuze abwereze pomwepo, anzake akuona. Chidzudzulo chosatsatidwa ndi kubwereza chimangosiya bala. M'masukulu aja akuluakulu, oweruza akaona wofuna malo amene wawasangalatsa, kawirikawiri amamuuza kuti alankhulenso chigawo chomwecho mwa njira ina, mwina monong'ona, mwina ngati akuuza mwana wamng'ono. Ndipo chimene akuyesa pamenepo ndi chakuti kodi munthuyu ngophunzitsika.

Nayenso wophunzira ali ndi mbali yake, imene ili yovuta kuposa kuloweza mawu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mwana wothawa tsiku loima yekha, kapena woyamba kudziteteza mphunzitsi asanamalize chiganizo, kuti ndinali ndi chimfine, kuti dzulo ndinachita bwino kuposa apa, ameneyo wadzitsekera yekha khomo. Aphunzire kukhala chete, kulemba zimene wauzidwa, kugona nazo, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndipo aphunzirenso, pakutha pa zaka, kusiyanitsa chidzudzulo chomuthandiza ndi chongomusokoneza, popeza si mphunzitsi aliyense amene amalondola nthawi zonse. Palinso phindu lina limene anthu saliwerengera: m'kalasi ya ophunzira 20, aliyense amaima kamodzi koma amaonerera ka 19, ndipo amene waphunzira kutchula mwachilungamo ndi mwachifundo chimene waona mwa mnzake, waphunzira kudziona yekha. Dziko limene likusowa olemba za zisudzo m'manyuzipepala, otha kunena zoposa kuti anthu anasangalala, lingawapeze kuchokera m'makalasi oterewa.

Patsala nkhani ya chilankhulo, imene sindingaidumphe. Mpikisano wa ATEM, umene walera akatswiri athu ambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, unakhazikitsidwa ndi aphunzitsi a Chingerezi pofuna kulimbikitsa Chingerezi, ndipo ntchito imeneyo waigwira mokhulupirika. Koma mwana wa Fomu 2 woloweza mawu akuluakulu a chilankhulo chimene salota nacho amatangwanika ndi katchulidwe, ndipo mtima wake umatsalira m'mbuyo. Akafuna kuonetsa chisoni amakweza mawu, akafuna kuonetsa mkwiyo amawakwezanso, chifukwa alibe njira ina. Muuzeni mwana yemweyo alankhule m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao mawu a mtsikana wouza amalume ake kuti sakufuna kukwatiwa, akufuna sukulu, ndipo mudzaona maso akutsika pansi mwa ulemu pamene mawu akukana, mudzamva kupuma kumene palibe mphunzitsi akadamuphunzitsa. Woyamba kuphunzira kunena zoona m'chilankhulo cha amayi ake adzazinenanso m'Chingerezi nthawi yake ikakwana. Koma wozolowera kunama m'Chingerezi amabwera nalo bodzalo ngakhale posewera m'chilankhulo chake.

Chimene ndikupempha tsono n'chaching'ono. Aphunzitsi oyang'anira makalabu a zisudzo apatule Lachisanu limodzi pa mwezi, akankhire madesiki kukhoma, ndipo ana asanu kapena asanu ndi mmodzi aime mmodzimmodzi mphindi ziwiri, aliyense anene kaye chimene amafuna kuchita, amve mafunso a anzake, kenaka abwereze. Okonza mipikisano, kaya ndi ATEM, kaya ndi NASFEST, kaya ndi ya m'mipingo, awonjezere gawo la munthu mmodzi, lololedwa m'zilankhulo zathu, limene lingapatsenso mwayi sukulu ya kumudzi yosatha kulipira lole yonyamula ana 15 ndi katundu wawo. Ndipo oweruza asathamangire galimoto chikho chikaperekedwa, koma akhale ola limodzi pansi pa mtengo ndi ana amene agonja, aliyense amutchule dzina ndi kumuuza chinthu chimodzi. Alembi athu nawonso ali ndi ngongole, pakuti masewero a m'Chichewa osindikizidwa m'mabuku ndi owerengeka, ndipo mphunzitsi wofuna chigawo choti apatse mwana amasowa potola. Komabe wailesi ya MBC yaulutsa masewero kwa zaka makumimakumi, Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino, ndipo m'menemo muli amayi odandaula, mafumu ogamula ndi anyamata olapa okwanira kudzaza kabuku ka zigawo 50, kamene a Unduna wa Maphunziro angakatumize ku sekondale iliyonse pamodzi ndi mabuku a Chichewa a chaka chamawa.